Sukulu ya mkaka ya mpingo isachite manyazi ndi Baibulo

Mkangano umene wabuka pa mpingo wathu kuno ku Harare wafika kale m'makhonde a ku Mufakose, Kambuzuma ndi Dzivarasekwa, ndipo ndikukhulupirira kuti mipingo ina yolankhula Chichewa mumzinda muno ikulimbana ndi funso lomweli. Nkhani yake ndi sukulu ya mkaka imene ili kuseri kwa tchalitchi, ija anzathu akuno amaitcha kireshi. Makolo ena, pamodzi ndi akulu ampingo angapo achinyamata, akufuna kuti isinthe kotheratu: pemphero la m'mawa lichoke, nkhani za m'Baibulo zisiyidwire a Sande sukulu, chikwangwani cha pageti chilembedwe dzina latsopano la Chingerezi, ndipo mwana akangoponda pabwalo aziyankhula Chingerezi chokhachokha. Akuti tikatero tidzakopa makolo ambiri olipira madola a ku America ndipo sukuluyo idzaima payokha. Amayi a chigwirizano, amene adaiyamba ndi zopereka zawo, mphasa zawo ndi miphika yawo, akuti ngati ndi choncho kuli bwino ingotsekedwa. Ine maganizo anga ndi awa: sukulu ya mkaka ya mpingo iyenera kukhala yachikhristu poyera, yopemphera ndi kuimba mosabisa, chifukwa chikhulupiriro sichimulanda mwana kanthu pa maphunziro ake. Chimene chimapweteka ana ndi dyera ndi mphwayi zobisala kumbuyo kwa dzina la Yesu, ndipo zimenezo ndi zimene tiyenera kuzula, osati pemphero.

Tisanafike pa zifukwa za otsutsa, tikumbutsane kumene tachokera. Agogo athu adabwera kuno kuchokera ku Malawi, ena wapansi, ena pa malole onyamula ofuna ntchito a Ulere ndi a Mthandizi, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury, Harare wa lero. Mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok, amene adatumikirapo ku Mvera ndi ku Nkhoma, adabwera kudzaweta anthu amenewa, ndipo ntchito ija idakula mpaka kubala sinodi ya CCAP ya kuno mu 1965. Mipingo inanso inali ndi Amalawi ake. Kwa munthu amene bwana ankamuona ngati manja ogwira khasu basi, tchalitchi ndi kumene ankaitanidwa ndi dzina lake ndi mfunda wake, ndipo ambiri adalimbikira kuphunzira kuwerenga kuti azitsegula okha Buku Lopatulika ndi buku la nyimbo. Choncho kwa ife kuphunzira ndi kupemphera zakhala zikuyendera limodzi chiyambire. Amene akufuna kuzilekanitsa ndiwo ayenera kutiuza chifukwa chake. Ndawamvetsera bwinobwino, ndipo zifukwa zawo si zachibwana.

Choyamba, iwo akuti mwana wa zaka zinayi sangathe kusankha chipembedzo, kotero kumudzaza mutu ndi mavesi n'kumubera ufulu wake; timuleke akule, adzasankha yekha. Maganizowa akuchokera mumtima wabwino, koma akuiwala chinthu chimodzi: palibe kholo limene limalera mwana popanda kumupatsira chimene iye mwini amakhulupirira. Mwana sasankha chilankhulo chimene amayamwa, sasankha kuti azilandira chinthu ndi manja awiri, sasankha kuti kuba n'koipa. Zonsezi timamupatsa asanadziwe kufunsa, ndipo palibe amene amati tamulakwira. Sukulu imene yachotsa pemphero sikhala yopanda chiphunzitso ayi. Imamuuza mwana mwakachetechete kuti Mulungu ndi nkhani ya Lamulungu lokha, ndipo kuti masiku enawa chofunika ndi kupitirira anzako. Chimenechonso ndi chikhulupiriro, ngakhale sichidzitchula dzina. Komanso malamulo a dziko lino sali kumbali ya otsutsawa. Gawo 60 la malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013 limapatsa makolo ufulu wosankha mmene ana awo aleredwere pa makhalidwe ndi chipembedzo, malinga ngati sakuphwanya ufulu wa anawo pa maphunziro, umoyo ndi chitetezo. Gawo lomwelo limalola gulu lililonse lachipembedzo kukhazikitsa malo ophunzitsira chipembedzo chake. Ambiri tikukumbukira phokoso la mu 2016, pamene unduna wa maphunziro, nthawi ya nduna Lazarus Dokora, udalamula kuti ana a sukulu azinena lumbiro la dziko. Makolo ndi mipingo adadandaula, nkhani idalowa m'khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, ndipo patapita zaka zingapo khotilo lidagamula kuti kukakamiza ana lumbirolo n'kuphwanya ufulu wawo. Mlandu uja sudanene kuti ana asamamve za Mulungu kusukulu. Udaonetsa kuti chikumbumtima cha mwana wamng'ono chili m'manja mwa makolo ake, osati mwa boma. Ndiye kholo limene labereka mwana kumbuyo n'kulambalala masukulu ena kuti likamusiye pa sukulu ya mpingo lasankha mwadala, ndipo kusankhako n'kovomerezeka.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona mtima wa makolo ambiri, akuti nthawi ya nyimbo ndi nkhani za Nowa ndi nthawi yotayika. Mwana ayenera kukalowa Giredi 1 akudziwa zilembo, manambala ndi Chingerezi, pakuti masukulu ena otchuka amayamba amuyesa mwana asanamulandire. Nkhawayi ndimaimvetsa. Chichokereni lipoti la komishoni yofufuza za maphunziro ya Nziramasanga mu 1999, ndi lamulo la unduna la mu 2004 loti masukulu a pulayimale akhale ndi makalasi a ECD (a ana aang'ono asanalowe Giredi 1), zaka ziwiri za ECD A ndi ECD B zasanduka chiyambi chenicheni cha sukulu, ndipo kholo lililonse likuopa kuti mwana wake angayambe ali kumbuyo kwa anzake. Koma tiyeni tione chimene chimachitika m'kalasimo. Tsiku lina ndidakhala pakona pamene aphunzitsi ankakamba nkhani ya Zakeyu. Sadawerenge m'buku. Adaimiritsa kamtsikana kafupi kuposa onse, n'kuika anyamata atatu aatali kutsogolo kwake, n'kufunsa kuti mnzathuyu akuona chiyani. Ana onse adakuwa kuti akuona misana. Nanga atani? Wina adati alire, wina adati awakankhe, ndipo kamnyamata kena kadathamanga kukakoka mpando kuti ukhale mtengo wa mkuyu. Atafika pamene Zakeyu adalonjeza kubweza kanayi zimene adalanda anthu, aphunzitsi adakhuthula zitsekerero za mabotolo pamphasa: walanda chimodzi, ubweza zingati? Nanga ukalanda ziwiri? Ana adagwada n'kumaunjika timilu ta zinayizinayi, uku akukangana, uku akuwerenganso ndi zala, ena m'Chichewa, ena m'Chishona. M'kanthawi kochepako munali kutalika ndi kufupika, kuwerengera, kutsata nkhani kuchokera poyamba mpaka pothera, kudikira mpata wolankhula, ndiponso funso limene limatilemera ndi akuluakulu omwe, lakuti munthu wolakwira anzake akonze bwanji. Ndi pepala liti lodzaza ndi A, B, C limene lingamupatse mwana zonsezi nthawi imodzi?

Zoona zake n'zakuti chimene chimakonzekeretsa mwana Giredi 1 si kuloweza mawu a Chingerezi amene sakuwamva tanthauzo. Ndi kutha kumvetsera, kukumbukira chimene chidayamba ndi chimene chidatsatira, kugwira pensulo, kufunsa mopanda mantha, ndi kukhala pakati pa anzake osalandana zinthu. Nyimbo yobwerezabwereza imanola khutu kuti lizisiyanitsa maliwu, ndipo kusiyanitsa maliwu ndiko chiyambi cha kuwerenga. Vesi lalifupi loloweza mosangalala limalimbitsa kukumbukira ndi lilime pamodzi. Ngakhale Friedrich Froebel, amene adayambitsa sukulu ya mkaka yotchedwa kindergarten ku Germany mu 1840, anali mwana wa mbusa, ndipo kwa iye masewera, nyimbo, kulima kadimba ndi kudziwa Mlengi zinali ntchito imodzi. Kotero amene akuti tichotse Baibulo kuti tipeze nthawi yophunzira akuganiza ngati nkhani ndi nyimbo si maphunziro, pamene kwa mwana wa msinkhu umenewu ndiwo maphunziro enieniwo.

Pa nkhani ya Chingerezi chokhachokha ndiye otsutsawa akusemphananso ndi lamulo, chifukwa kusintha kwa lamulo la maphunziro kwa mu 2020 kumati masukulu ayesetse kuphunzitsa ana a ECD m'chilankhulo chimene adayamwa. Apa ndiime pang'ono, pakuti ndi pamene pamandikhudza kwambiri. Pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'gawo 6 la malamulo a dziko lino, Chichewa chilipo. Koma mdzukulu wa Mmalawi ku Mbare kapena ku Highfield amadzuka ndi Chishona, amasewera m'Chishona, amalemba m'Chingerezi, ndipo Chichewa amachimva agogo akamakalipa kapena pamaliro. Ambiri mwa makolo athu adachibisa dala chilankhulochi chifukwa cha mayina onyoza amene ankaitanidwa nawo m'misewu ndi m'makalasi, ndipo sindiwaweruza, pakuti ankateteza ana awo. Zotsatira zake tikuziona: mnyamata amapita ku Dedza kapena ku Ntcheu kukaona manda a agogo ake n'kulephera kubweza moni wa azakhali. Malo amene Chichewa chatsala chikuwerengedwa mokweza ndi kuimbidwa ndi khamu la anthu mu Harare muno ndi m'tchalitchi. Tikachotsa nyimbo ndi mapemphero m'sukulu ya mkaka, tatsekanso mpata woti mwana amve chilankhulo cha kwawo chikutuluka pakamwa pa aphunzitsi, munthu amene iye amamuona ngati wodziwa zonse. Sindikunena kuti Chishona ndi Chingerezi zitsekeredwe kunja. Mwana wa ku Harare akuzifuna zonse, ndipo pa msinkhu umenewu amatola zilankhulo zitatu mosavuta kuposa ife akulu. Ndikunena kuti mwana amene wamvetsa nkhani m'chilankhulo cha pakhomo pawo amakhala ndi poyambira pophunzira chilankhulo china, pamene amene waletsedwa kulankhula cha kwawo amangophunzira kukhala chete.

Chachitatu ndi nkhani ya anansi. M'madera mwathu muli abale athu Achiyao achisilamu, amene agogo awo adabwera ulendo umodzi ndi athu. Muli a mapositori ovala zoyera, muli mabanja a gule wamkulu, ndipo ena mwa iwo amabweretsa ana pa sukulu ya mpingo chifukwa ndi yapafupi ndiponso yotsika mtengo. Otsutsa akufunsa kuti kodi si kulakwa kupempheretsa ana amenewa m'njira imene makolo awo satsata? Funsoli ndi lolemera, koma yankho lake si kubisa chimene tili. Yankho ndi kunena zoona pageti. Kholo lisanalipire kalikonse liuzidwe kuti pano timapemphera, timaimba, timakamba nkhani za m'Baibulo, ndipo lionetsedwe ndondomeko ya tsiku lonse. Likavomera, mwanayo alandiridwe ngati wathu, poti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Asakakamizidwe kutsinzina kapena kunena Amen, asapatsidwe chakudya chimene kwawo sadya, ndipo mphunzitsi asayerekeze n'komwe kunyoza chipembedzo cha bambo ake pamaso pa anzake. Gawo 75 la malamulo aja, limene limalola anthu kutsegula masukulu awoawo, limaletsanso tsankho m'masukulumo. Kawirikawiri kholo lopemphera, ngakhale la chipembedzo china, silidandaula kuti mwana wamva pemphero. Limadandaula likanamizidwa kapena likanyozedwa. Ndiye chimene chingaswe ubale ndi ichi chimene ena akufunachi: kulemba dzina lina pageti, kenako aphunzitsi achikhristu omwewo n'kumalowetsa chiphunzitso mozemba makolo osadziwa.

Chachinayi ndicho champhamvu kuposa zonse, ndipo sindichipeputsa. Otsutsa akuti masukulu ambiri a mkaka otchedwa achikhristu ndi bizinesi chabe: ana othithikana m'kachipinda kamodzi, chimbudzi chopanda madzi, mphunzitsi amene adalembedwa ntchito chifukwa ndi mlamu wa abusa, ndi kandodo patebulo kotetezedwa ndi vesi la m'buku la Miyambo. Zimenezi zilipo mu Harare, ndipo wokana ndiye kuti sadayende. Koma taonani bwino pamene pali vuto. Masukulu osapemphera a m'magalaja ndi kuseri kwa nyumba za anthu nawonso ali ndi mavuto omwewa, ndipo kuchotsa pemphero sikubweretsa madzi m'chimbudzi. Vuto pamenepa si kuchuluka kwa chikhulupiriro koma kuchepa kwake. Yesu amene timamutchula m'mawa uliwonse ndi yemwe adakwiyira ophunzira ake chifukwa chothamangitsa tiana, ndipo adanena kuti wokhumudwitsa kamodzi ka tiana timeneti kukadamukhalira bwino kumangiriridwa mphero m'khosi n'kumizidwa m'nyanja. Mpingo wokhulupirira mawu amenewa uyenera kukhala woyamba kulembetsa sukulu yake ku unduna wa maphunziro a pulayimale ndi sekondale, kutsata silabasi ya boma ya ECD, kulemba aphunzitsi amene adaphunzira ntchitoyi ku koleji, ndi kutsegulira chitseko oyendera masukulu popanda kubisa kanthu. Kukhala Mkhristu wabwino sikumusandutsa munthu mphunzitsi wa ana, monganso sikumusandutsa namwino.

Ndodo ichoke, ndipo pa ichi sindigwirizana ndi ena mwa amayi amene ndili nawo mbali imodzi. Lamulo la mu 2020 lija lidaletsa kumenya ana kusukulu, koma ngakhale likadapanda kuletsa, mwana amene wakwapulidwa chifukwa cholephera vesi amaphunzira kuti Mulungu ndi wankhanza, ndipo amakula nazo zimenezo. N'chimodzimodzi ndi kuopseza tiana ndi moto wa gehena ndi ziwanda mpaka tikulephera kugona usiku. Mwana wa zaka zinayi afunika amve kuti adalengedwa mwaluso, kuti amakondedwa, kuti akalakwa angathe kupepesa n'kukhululukidwa, ndi kuti mnzake wolumala kapena wong'ambika malaya ndi wofanana naye pamaso pa Mulungu. Zovuta za chiweruzo adzazipeza m'kalasi ya katekisima akadzakula. Ndipo chikhulupiriro chiyenera kuoneka ngakhale pa ndowa. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2008, ndi ya mu 2018 imene idayambira ku Glen View ndi Budiriro. Mumzinda umene mipope imatha masiku ili gwaa, ndowa ya kampopi ndi sopo pakhomo la kalasi si zokongoletsera. Sukulu imene imapempherera phala koma osafunsa kumene kwatungidwa madzi ophikira ikuyesa Mulungu, ndipo akulu ampingo amene akuilekerera adzayankha mlandu.

Latsala ndi funso la ndalama, limene ndikuganiza kuti ndilo gwero la mkangano wonse. Akuti popanda makolo olipira bwino sukuluyo idzagwa. N'zoona kuti aphunzitsi sadya mavesi, ndipo choko, ufa wa phala, nkhuni kapena gasi zonse zimafuna ndalama. Koma tifunsane kuti sukuluyi idatsegulidwira ndani. Kholo la madola ambiri lili kale ndi masukulu osawerengeka a mayina a Chingerezi, okhala ndi basi yawoyawo ndi udzu wothiriridwa, ndipo sitingapikisane nawo ngakhale titapenta geti. Sukulu ya mpingo idayambira mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika amene amanyamuka kusanache, mayi wogwira ntchito m'nyumba ku Borrowdale kapena ku Avondale amene amakwera makombi awiri kupita ndi awiri kubwerera, bambo wolondera amene masana ayenera kugona, agogo amene akulera adzukulu makolo awo ali ku Johannesburg. Mpingo umatha kuwalipiritsa pang'ono chifukwa nyumba ilipo kale, sulipira lendi, ndipo kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu zipinda zake zikadangokhala zotseka. Tikasintha sukuluyi kuti ikope olemera, fizi idzakwera, yunifolomu idzasintha, ndipo ana a anthu amenewa adzabwerera kumsana kwa amayi awo kumsika kapena kutsekeredwa m'nyumba ndi mlongo wawo wa zaka zisanu ndi ziwiri. Pamenepo tidzakhala titataya pemphero ndi osauka omwe tsiku limodzi, ndipo zimenezi sizingochitika mwangozi: chimene chimachititsa mpingo kulandira mwana amene mayi ake alipira mochedwa ndi chikhulupiriro chomwe chija akufuna kuchichotsacho.

Choncho pempho langa kwa abusa ndi akulu ampingo ndi lakuti asiye kuiona sukulu ya mkaka ngati munda wopezera ndalama, aione ngati utumiki umene umafuna ndalama, monga kuyendera odwala ndi kuthandiza amasiye. Pa chopereka cha mpingo papatulidwe gawo lake lodziwika la malipiro a aphunzitsi ndi thanki ya madzi. Mtsikana wa mumpingo amene ali ndi mtima wa ana atumizidwe ku koleji akaphunzire za ECD, m'malo momuika m'kalasi ndi Baibulo lokha. Ndalama za sukulu zikhale ndi buku lakelake, ndipo ziziwerengedwa pamaso pa makolo, kuphatikizapo amene si a mpingo wathu. Malamulo okhudza kulanga ana, chakudya ndi ana a zipembedzo zina alembedwe papepala m'Chichewa, m'Chishona ndi m'Chingerezi, kholo lililonse lipatsidwe. Achinyamata amene akufuna kusintha aja ndi amene amadziwa bwino za mabuku a ndalama ndi za mapepala a ku unduna, ndiye ntchito imeneyi apatsidwe iwowo pa msonkhano ukubwerawu, amayi a chigwirizano atsale ndi pemphero la m'mawa ndi nyimbo zawo.